Kodi Mtengo Ungaciritse Kansa ya Prostate?

(Mau okambidwa pa wailesi m'Cinyanja, pa nthawi ya nkhani za umoyo)

Mwezi ukatha, anchito a pa mgodi atalandira ndalama zao, misika ya ku Kitwe, ku Chingola ndi ku Mufulira imadzala anthu. Pakati pa ogulitsa kapenta ndi tomato pamakhala munthu woyala mabotolo pa thumba, ena a madzi akuda, ena a ufa wa makungwa, ena ocokera kunja okhala ndi cithunzi ca masamba obiriwira. Mwini malondawo amachula nthenda zimene mabotolo ace aciritsa, ndipo masiku ano saiwala kuchula prostate. Amuna acikulire amaima capatali ngati ongodutsa. Kenaka m'modzi amasendera, nafunsa monong'ona, nalipira, nabisa botolo m'thumba la jekete.

Munthu wotere sali wopusa iai. Watha miyezi alikudzuka kasanu usiku kukataya madzi, ndipo pa shifiti ya m'mawa amafika ndi tulo m'maso. Acita manyazi kuuza mkazi wace, aopa mpeni wa dokotala, ndiponso anakula alikuona makolo ace akucira ndi mizu. Funso limene liri mu mtima mwace liyenera kuyankhidwa bwino: kodi m'mitengo muli mankhwala a kansa ya prostate?

Yankho liri pawiri. Inde alimo, pakuti ena mwa mankhwala amphamvu amene madokotala apatsa odwala nthendayi lero anacokera ku mtengo. Koma kufikira lero palibe tsamba, muzu kapena khungwa limene lapezeka kuti liciritsa kansa imeneyi pomwedwa monga liri. Kuti mau awiriwa amveke pamodzi, payenera kuyamba ndi kaciwalo kodwalako.

Kaciwalo kobisika

Prostate ndi kaciwalo kamene ali nako amuna okha. Kali pansi pa cikhodzodzo, ndipo kazinga kanjira kotulukira mkodzo monga mphete izinga cala. Mwa mnyamata ukulu wace uli ngati suku limodzi, ndipo nchito yace ndiyo kupanga madzi amene mbeu ya mwamuna iyendamo. Zaka zikapitirira 50, mwa amuna ambiri kaciwaloka kamakula ndi kufinya kanjira kaja, monga munthu woponda paipi ya madzi. Pamenepo mkodzo umatuluka mofoka ndi modukiza, ndipo munthu amamva ngati sanathe. Kukula kotere si kansa. Ndi bvuto la ukalamba, ndipo ku cipatala kuli mapiritsi ndi opaleshoni zothandiza.

Kansa ndi nthenda ina. Thupi lonse linamangidwa ndi tizigawo tating'ono tosaoneka ndi maso, tochedwa maselo, monga nyumba imangidwa ndi njerwa. Maselo amabadwa, amagawikana ndi kufa mwa dongosolo lace. Ena akataya dongosolo limeneli ndi kuculukana kosaleka, amapanga cotupa cimene cikhoza kutumiza mbeu zace ku ziwalo zina. Kansa ya prostate imakonda kuthawira m'mafupa a msana ndi a m'cuuno. Coopsa cace ndi cakuti ikali yaing'ono kawirikawiri sipweteka, ndipo siipatsa munthu cizindikiro ciri conse. Ikadzayamba kumveka, zizindikiro zace zimafanana ndi za kukula kwa ukalamba kuja. Cifukwa cace munthu sangathe kusiyanitsa nthenda ziwirizi yekha, ndipo wogulitsa mabotolo sangathenso.

Madokotala amazisiyanitsa ndi njira zitatu. Amatenga magazi pang'ono ndi kupima cinthu cochedwa PSA, cimene kaciwaloka katulutsa. Cikaculuka m'magazi ndi cenjezo, ngakhale kuti si nthawi zonse pamene citanthauza kansa. Amapimanso kaciwaloka ndi cala kudzera ku njira ya cimbudzi, nchito ya kamphindi cabe. Akakayika, amatapako kanyama kakang'ono ndi singano ndi kukayang'ana pa makina okuza zinthu. Kanyama kameneko ndiko kamene kanena zoona.

Nthendayi si yacilendo. Bungwe la IARC, limene liwerenga odwala kansa pa dziko lonse, linapeza kuti m'caka ca 2022 amuna pafupifupi 1,470,000 anapezeka nayo, ndipo pafupifupi 397,000 anafa nayo. M'Zambia muno ndiyo kansa yopezeka kwambiri mwa amuna kupambana zina zonse. Ku Britain anapeza kuti mwa amuna akuda, m'modzi mwa 4 ali onse adzapezeka nayo m'moyo wace, pamene mwa Azungu ndi m'modzi mwa 8. Ndiponso munthu amene atate wace kapena mbale wace wa bere limodzi anadwala nthendayi ali pa ngozi yoposa ya anzace.

Mwala ndi mkuwa

Munthu wa pa mgodi adziwa kale cinthu cimodzi cimene cithandiza kumvetsa nkhani yonseyi. Mwala wotuluka pansi uli ndi mkuwa ndithu, koma pa matani 100 a mwala, mkuwa ungakhale matani awiri kapena atatu okha. Palibe munthu amene amalumikiza magetsi m'nyumba ndi mwala umenewo. Uyamba waphwanyidwa, waperedwa, watsukidwa, wasungunulidwa m'ng'anjo ndi kuyengedwa, ndipo ponseponse opima amatapako pang'ono kuti aone kuculuka kwa mkuwa. Ndiponso si mwala uli wonse wobiriwira umene ubweza ndalama zokumbira. Ofufuza amaboola maenje ambiri asanapeze malo amodzi oyenera kutsegulapo mgodi.

Cimodzimodzi ndi zomera. Khungwa liri ngati mwala wa pansi, ndipo mankhwala enieni ali ngati mkuwa woyengeka. Mbiri ya mtengo wina wa ku America isonyeza kutalika kwa ulendo wocokera ku khungwa kukafika ku mankhwala.

Mbiri ya mtengo wa yew

M'caka ca 1960 boma la America linayamba nchito yaikulu yosonkhanitsa zomera ndi kuyesa madzi ace pa kansa. M'zaka pafupifupi 20 anayesa mitundu ya madzi a zomera yoposa 100,000, koma imene inadzasanduka mankhwala a ku cipatala inali yowerengeka pa zala.

Mu 1962 katswiri wa zomera dzina lace Arthur Barclay anasenda makungwa a mtengo wochedwa Pacific yew m'nkhalango za cigawo ca Washington. Ndi mtengo wokula pang'onopang'ono mu mthunzi wa mitengo inzace, ndipo oceka matabwa ankauyesa wacabe. Akatswiri awiri, Monroe Wall ndi Mansukh Wani, anaona kuti madzi a makungwawo apha maselo a kansa, nayamba kuwayenga. Pa makilogalamu pafupifupi 1,200 a makungwa panatuluka magalamu 10 okha a mankhwala enieni, osadzaza ngakhale kabokosi ka macesi. Anawacha taxol, nalengeza mapangidwe ace mu 1971. Mu 1979 mai wina wophunzira kwambiri wa ku New York, Susan Horwitz, anazindikira m'mene agwirira nchito. Selo likafuna kugawikana pawiri limamanga timitanda m'kati mwace tokokera mbali ziwirizo, kenaka limatipasula. Mankhwalawa amaumitsa timitandato kuti tisapasuke, ndipo selo limafa lisanabale linzace. Boma la America linawaloleza mu 1992, poyamba kwa akazi odwala kansa ya thumba la mazira. Panali patapita zaka 30 cisendere khungwa loyamba lija.

Panali bvuto lina: kusenda makungwa kunali kupha mitengo. Ku France katswiri wina, Pierre Potier, pamodzi ndi anzace, anapeza kuti m'masamba a yew wa ku Ulaya muli cinthu cimene cikhoza kukonzedwa kuti cisanduke mankhwala a mtundu womwewo, ndipo masamba akathyoledwa amaphukanso. Mwa njira imeneyi panabadwa mankhwala ochedwa docetaxel.

Mu 2004 zinalengezedwa zotsatira za kuyesa docetaxel pa amuna 1,006 amene kansa yao ya prostate inali itafalikira ndi kukana mankhwala ena. Mwa olandira docetaxel kamodzi pa milungu itatu iri yonse, theka anakhala ndi moyo kufikira miyezi pafupifupi 19 kapena kuposa. Mwa olandira mankhwala akale, theka anafika miyezi 16 ndi theka. Ambiri anacepetsedwanso ululu wa m'mafupa. Mu 2015 kuyesa kwina pa amuna 790 kunasonyeza kuti akaperekedwa msanga, pamodzi ndi mankhwala ocepetsa mahomoni a cimuna, kusiyana kumakula: miyezi pafupifupi 58 poyerekeza ndi 44. Mu 2010 analolezanso cabazitaxel, mbale wace wocokera ku masamba omwewo, wothandiza pamene docetaxel walephera.

Womvera aone bwino zinthu ziwiri apa. Coyamba, ngakhale mankhwala amphamvu awa sazula kansa yofalikira. Amaonjezera miyezi kapena zaka, ndi kucepetsa ululu. Madokotala amanena zimenezi poyera, pakuti anawerenga odwala m'modzim'modzi. Caciwiri, mankhwalawa salowa m'thupi mwa kumwa. Amalowa mu mtsempha ndi diripi, pa muyeso wolingana ndi msinkhu ndi kulemera kwa wodwala, atapimidwa magazi, popeza amathothola tsitsi ndi kucepetsa maselo oyera a m'magazi amene ateteza thupi. Mtengo wa yew weniweniwo ndi ululu wakupha: ng'ombe ndi akavalo akadya masamba ace amafa. Munthu amene angaphike masambawo ndi kumwa angaimitse mtima wace kansa ili cikhalire.

Pali comera cinanso cimene anthu a m'makomboni aciona tsiku ndi tsiku: kaduwa kofiirira kapena koyera komera m'mabwalo a nyumba, kamene kwao ndi ku Madagascar, kochedwa periwinkle. Ku Jamaica anthu ankamwa masamba ace ngati tiyi pofuna kuciza nthenda ya shuga. Robert Noble ndi Charles Beer a ku Canada atakayesa sanapezemo mankhwala a shuga, koma anaona kuti kacepetsa maselo oyera a m'magazi. Mu 1958 analengeza mankhwala a kansa ochedwa vinblastine, ndipo pambuyo pace m'kaduwa komweko munatuluka vincristine, amene apulumutsa ana ambiri odwala kansa ya m'magazi. Nzeru ya anthu a ku midzi inaloza comera, koma kupima ndiko kunaulula nthenda imene comeraco cithandizadi.

Kuyesa kwa magulu awiri

Masiku ano pa foni ndi pa intaneti pamamveka mbiri kawirikawiri yakuti madzi a tsamba lakutilakuti apha maselo a kansa ya prostate. Nthawi zambiri mbiriyo si bodza, koma payenera kufunsidwa kuti anawaphera kuti. Kawirikawiri ndi m'kambale ka galasi, m'nyumba yopimiramo. M'kambale kotere ngakhale mcere wambiri kapena palafini zipha maselo. Thupi la munthu si kambale iai. Cimene munthu amwa ciyenera kupyola m'matumbo, kupulumuka ku ciwindi cimene cisefa magazi, ndi kukafika ku cotupa ciri ndi mphamvu yokwanira, osaononga impso kapena mtima pa njira.

Cifukwa cace mankhwala akapambana m'kambale amayesedwa pa mbewa zoweta, kenaka pa anthu ocepa obvomera okha, kuti muyeso wosabvulaza udziwike. Potsiriza pamadza kuyesa kwakukulu. Odwala ambiri amagawidwa magulu awiri mwa maere. Gulu lina lilandira mankhwala atsopano, lina lilandira mankhwala akale kapena mapiritsi a ufa wacabe ooneka cimodzimodzi, ndipo pamene kuli kotheka, wodwala ngakhale dokotala wace sauzidwa gulu limene alimo. Acita tero cifukwa munthu wokhulupirira mankhwala amamva bwino masiku ena ngakhale atamwa madzi okha, ndiponso kansa ya prostate mwa amuna ena imakula pang'onopang'ono mwa iyo yokha.

Zomera zambiri zochuka zinagwa pa mayeso amenewa. Mu 2006 madokotala a ku Los Angeles anapatsa amuna 46 madzi a makangaza tsiku ndi tsiku, ndipo PSA yao inaoneka ngati yacepetsa liwiro lokwera. Mbiri inamveka dziko lonse, ndipo ogulitsa anapindula. Koma panalibe gulu laciwiri loyerekeza nalo. Atabwereza kuyesako pa amuna 183 a m'magulu awiri, zotsatira za mu 2015 zinasonyeza kuti omwa makangaza sanasiyane kwenikweni ndi omwa madzi ongofanana nao. Zipatso za kanjedza wamfupi wa ku America wochedwa saw palmetto, zimene zimagulitsidwa kwambiri kwa obvutika kukodza, zinayesedwa pa amuna 225 mu 2006 ndi pa amuna 369 mu 2011, ndipo sizinapambane mapiritsi a ufa wacabe. Tomato, tiyi wobiriwira ndi turmeric, ufa wacikasu uja wa m'zokometsera ndiwo, akatswiri akali kuzifufuza. Ndi zakudya zabwino, koma palibe cimene catsimikizidwa kuti ciciritsa kansa.

Mayeso ena anatulutsa zodabwitsa. Anthu ambiri ankakhulupirira kuti mapiritsi a vitamini E ateteza mwamuna ku kansa ya prostate. Anayesa pa amuna 35,533, ndipo mu 2011 kunapezeka kuti mwa omwa vitamini E yekha opezeka ndi kansayo anaculuka ndi magawo 17 pa 100. Pakadapanda gulu laciwiri, palibe akadadziwa.

Mitengo ya mu Africa

Nanga mitengo ya kuno? Wodziwika koposa ndi Prunus africana, mtengo waukulu wa m'nkhalango za m'mapiri, wopezeka ku Cameroon, ku Kenya, ku Congo, ku Madagascar, ndiponso m'mapiri ena a Zambia ndi Malawi. Asing'anga a maiko ambiri anadziwa kalekale kuti makungwa ace athandiza wobvutika kukodza. M'zaka za m'ma 1960 a ku France anayamba kuwayenga ndi kuwagulitsa ngati mapiritsi ochedwa pygeum. Mu 2002 akatswiri anasonkhanitsa mayeso 18 ocitidwa pa amuna 1,562, napeza kuti mapiritsiwa acepetsako pang'ono mabvuto a mkodzo ocokera ku kukula kwa ukalamba, ngakhale kuti mayesowo anali aang'ono ndi a nthawi yaifupi. Kunena za kansa, makungwawa aonetsa mphamvu m'kambale ndi pa mbewa, koma pa anthu sanatsimikizidwe. Apa pali msampha: mwamuna wa kansa angamwe makungwa, mkodzo nkuyendako bwino, iye nkuyesa kuti wacira, pamene cotupa cilikukula mwakacetecete. Ndiponso malonda a makungwawa anapha mitengo yambiri, kotero kuti mu 1995 maiko anauika pa mndandanda wa pangano la CITES, loyang'anira malonda a zamoyo zimene zingathe kutha.

Acikulire akumbukira mbatata ya m'chire yochedwa African potato, imene inagulitsidwa m'misewu ya m'matauni cakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 monga mankhwala a nthenda zonse. Muli cinthu cochedwa beta-sitosterol cimene pa mayeso ena cinathandizako mkodzo, koma palibe umboni wakuti ciciritsa kansa, ndipo madokotala acenjeza kuti mbatatayi ingasokoneze mankhwala a ma ARV. Masamba a moringa ndi ndiwo zopatsa thanzi ndithu, koma naonso sanapezeke kuti azula kansa mwa munthu.

Cimene ciri m'botolo

Anthu ena amati cocokera ku comera sicibvulaza. Makolo sananene tero. Anthu a ku Luapula adziwa kuti cinangwa cowawa sicidyedwa cisanabviikidwe m'madzi masiku angapo, pakuti muli ululu wochedwa cyanide. Ululu womwewo umatuluka m'njere za cipatso ca apricot, zimene ena anapangira mankhwala ochedwa laetrile ndi kuwagulitsa kwa odwala kansa. Atawayesa ku America pa odwala 178, zotsatira za mu 1982 zinali zakuti palibe amene anacira, ndipo ena anaonetsa zizindikiro za ululu wa cyanide.

Cinanso ndi cakuti wogula sadziwa cimene ciri m'botolo. Kuyambira mu 1996 ku America kunagulitsidwa mapiritsi ochedwa PC-SPES, amene anati ndi zitsamba 8 zosakaniza, zambiri za ku China. Anatsitsadi PSA, kotero kuti ngakhale madokotala ena anacita nao cidwi. Koma atawapima bwino anapezamo mankhwala a ku fakitale osalembedwa pa botolo: warfarin, woletsa magazi kuundana, ndi DES, homoni yacikazi yopanga. Amuna ena anamera mawere, ena magazi anaundana m'mitsempha, ndipo mu 2002 mapiritsiwo anacotsedwa pa msika. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Ngati zotere zinacitika ndi botolo losindikizidwa bwino, nanga botolo lopanda dzina la pa msika? M'dziko muno muli bungwe la boma lochedwa ZAMRA, limene nchito yace ndiyo kuloleza ndi kuyang'anira mankhwala ogulitsidwa, ndipo wogula ali ndi ufulu wofunsa ngati botolo linapyola kumeneko.

Mtengo weniweni wa botolo

Komatu cimene mwamuna ataya koposa si ndalama za malipiro ace, ndi miyezi. Kansa ya prostate ikapezeka ikali m'kaciwalo kace, imaciritsika mwa ambiri. Angaicotse ndi opaleshoni, angaioche ndi ceza camphamvu ca makina, kapena, ikakhala yofatsa, angangoiyang'anira ndi kupima kawirikawiri. Ku Britain anatsata amuna 1,643 opezeka nayo msanga, ndipo zotsatira za mu 2023 zinasonyeza kuti patapita zaka 15, osafa ndi kansayo anali pafupifupi 97 pa 100 ali onse. Nelson Mandela anapezeka nayo mu 2001, nalandira cithandizo ca ceza milungu 7, nakhala ndi moyo kufikira 2013. Bishopu wamkulu Desmond Tutu anapezeka nayo mu 1997, nalankhula za nthendayo poyera kuti amuna anzace akapimitse, ndipo anakhala zaka zina 24.

Ikafika m'mafupa nkhani imasintha. Cithandizo cilipo ndithu. Mu 1941 Charles Huggins wa ku Chicago anasonyeza kuti kansa imeneyi imadya homoni ya cimuna yochedwa testosterone, ndi kuti ikamanidwa homoniyo imafota. Analandira mphotho ya Nobel mu 1966. Lero jekeseni wocepetsa homoniyo, pamodzi ndi docetaxel kapena mapiritsi ena atsopano, amagoneka nthenda kwa zaka. Koma kugoneka si kuzula. Madokotala a m'dziko muno amadandaula kuti amuna ambiri amafika kwa iwo nthenda itafika kale m'mafupa, ena atatha miyezi yambiri alikumwa zosiyanasiyana. Zengerezu analinda kwaukwau.

Cipatala ca kansa ca Cancer Diseases Hospital cinatsegulidwa ku Lusaka mu 2007, koma ulendo suyambira kumeneko. Uyambira ku kiliniki ya pafupi kapena ku cipatala ca mgodi, kumene angatumize munthu ku zipatala zazikulu za ku Ndola, ku Kitwe kapena ku Lusaka. Mwamuna wa zaka 45 kapena kuposa, makamaka ngati nthendayi inalowapo kale m'banja mwao, acita bwino kukambirana ndi dokotala za kupima PSA, ngakhale asakumva kupweteka. Amene mkodzo wace wasintha mayendedwe asadikire. Ndipo amene mkodzo watsekeka konse, kapena aona magazi mu mkodzo, kapena msana ulikuwawa pamene miyendo ilikufoka ndi kucita dzanzi, apite tsiku lomwelo, pakuti cotupa cikafinya mtsempha waukulu wa mu msana, masiku ocepa angamupuwalitse moyo wace wonse.

Sing'anga ndi dokotala

Mau awa sali onyoza asing'anga. Mankhwala a malungo ochedwa quinine anacokera ku khungwa la mtengo wa ku South America, ndipo artemisinin, muzu wa mapiritsi a malungo a masiku ano, anacokera ku citsamba cimene madokotala a ku China anacilemba m'mabuku ao zaka mazana ambiri zapitazo. Kapena m'nkhalango za miombo za dziko lino muli mtengo umene tsiku lina udzapatsa dziko lapansi mankhwala a kansa. Ukapezeka, udzayenera kuyenda ulendo womwe uja wa yew: kuyengedwa, kupimidwa muyeso, ndi kuyesedwa pa magulu awiri. Ndiponso udzapezeka pokhapokha ngati nkhwangwa za oocha makala zidzausiya uli ciriri. Sing'anga woona mtima adziwa polekezera nzeru zace, ndipo akaona mwamuna wobvutika kukodza amamuuza kuti ayambe wakapimitsa.

Wodwala amene afuna kumwa zitsamba pamodzi ndi mankhwala a ku cipatala auze dokotala wace osabisa, ndipo ngati nkotheka apite nalo botololo. Zitsamba zina zimafoketsa mankhwala a kansa, zina zimaonjezera ukali wao, ndipo zina zimatsitsa PSA mwacinyengo ndi kusokoneza kupima. Akazi naonso ali ndi mbali yao, pakuti ndiwo amamva citseko cikutseguka kasanu usiku. Mkazi wolimbikitsa mwamuna wace kupita ku cipatala sanamucotsere ulemu. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Mwamuna uja wobisa botolo m'jekete anafunsa funso labwino, ndipo yankho lace ndi ili: mankhwala a ku mtengo alipo, koma amene atsimikizidwa pa kansa ya prostate ali ku cipatala, oyengedwa kale ndi opimidwa muyeso. Iye mwini sanadziwebe ngati bvuto lace ndi kansa kapena ndi ukalamba cabe. Cimene cingamuuze ndi magazi ocepa a pa mkono ndi kamphindi ka manyazi m'cipinda ca dokotala. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Tsiku lace lopuma likafika, ayambire ku kiliniki, botololo liri m'manja kuti dokotala alione.